Asilikali a Simoni m'Mbiya ya Imelda

Simoni Alufandika sanapiteko ku nkhondo ina iliyonse, koma mukadzafika pamsika wa Makhanga n'kufunsa kuti Sajeni ali kuti, ngakhale mwana wapamsana akulozerani. Ndi bambo wamfupi, wadazi, wokonza njinga pansi pa mtengo wa nimu. Usajeniwo anamuveka ndi anthu a kabaza, ndipo anamuveka momuseka, koma iye anaulandira ndi manja awiri ngati wachokera ku boma.

Ali mnyamata anafunadi usilikali ndi mtima wonse. Atamva kuti kukulembedwa anthu, ananyamuka kwawo kwa Lundu, nakathamanga mtunda wonse umene anawauza, anzake akugwa ndi dzuwa iye ali nganganga. Koma atafika pa ndodo yoyezera msinkhu, mutu wake sunaikhudze. Anayesa kuima ndi zala zakumapazi, woyezayo anangomuponda phazi n'kumuuza kuti akakule kaye. Anthu ena akakanidwa chinthu amachida, koma Simoni anachita kuchikonda mopitirira muyeso. Nkhalamba iliyonse imene inapitako ku Keyala, usilikali wa nthawi ya atsamunda, ankaimatirira ngati nkhupakupa, kuifunsa kuti mzinga umalira bwanji, ku Burma ankadya chiyani, nsapato ankavula pogona kapena ayi. Nkhalamba zina zinkabisala m'nyumba zikamuona akubwera.

Anadzakwatira m'mudzi wina pakati pa Chiromo ndi Makhanga, nakhala komweko chikamwini. Mkazi wake Imelda ndi mayi wamtali, woti akanapita iyeyo pa ndodo ija akanalembedwa tsiku lomwelo. Ndi woumba mbiya, luso limene anatengera kwa amayi ake, ndipo mtsuko wake umaziziritsa madzi ngakhale mu Okutobala. Malo, nyumba, mtengo wa masau wakuseri kwa nyumba, zonsezo ndi za kwawo kwa Imelda. Za Simoni pakhomopo zinali masipanala, pampu ndi mphasa.

Matenda enieniwo anabwera m'thumba la jekete ya pakaunjika. Anaigulira mwezi wa Juni, umene kuchigwa kuno timati ndi wozizira kuti nafenso tioneke ngati tili ndi nyengo. Popisa dzanja m'thumba anapezamo kamunthu kapulasitiki kobiriwira, kotalika ngati chala, katagwada bondo limodzi mfuti ili paphewa. Mwana wina wa kutsidya kwa nyanja anakaiwala mmenemo, ndipo ngati analira tsiku limenelo, misozi yake sinafike pa imene inadzagwa kuno. Simoni anayenda nako kamunthuko paliponse, mpaka wakabaza wina anamuonetsa pa foni azungu akuluakulu a ndevu zoyera atazungulira tebulo lodzaza ndi tiasilikali, timapiri ndi timitengo, akuponya dayisi nkhope zili gwa ngati akuweruza mlandu. Tsiku limenelo Simoni anadziwa kuti misala yake siyayekha. Anzake alipo, kungoti iwo ali ndi matebulo.

Anayamba kuumba. Dongo ankachita kuba pamulu wa mkazi wake, pang'onopang'ono ngati mbewa. Msilikali aliyense ankamuikira waya wa sipoko m'kati kuti akhale msana, ndi kamwala kakumtsinje kumapazi kuti asagwe ndi mphepo. Utoto wakuda unkachokera m'mabatire akutha, woyera unali choko, ndipo zisoti zofiira zinamaliza kyutekisi ya mwana wawo Glory. Mizinga inali mavalavu a machubu, sitima yapamadzi inali ya bango. Nkhope za adani ankatengera kwa anthu amene anamuputapo. Mkulu wina wampingo atalalikira za mafano maso ali pa Simoni, sabata yomweyo anaumbidwa ali woliza lipenga wa chimimba, ndipo ankafa woyamba nkhondo iliyonse.

Nkhondo ya munthu mmodzi siikoma. Mwayi wake, anapeza Lorenso, msodzi wa Chisena wautali ngati mponda wa bwato, amene akavuula maukonde m'mawa ankasowa chochita madzulo. Bwalo lawo linali pansi pa mtengo wa masau uja. Shire ankamukumba ndi khasu, Ruo ndi chala, ndipo kamulu ka phulusa ndiko kanali Chiromo. Ankamenya nkhondo imene Apwitikizi anamenyana ndi Magololo m'mbali mwa mtsinjewu kalekale. Lorenso ankakhala Mpwitikizi chifukwa cha dzina lake, Simoni n'kutenga Magololo. Akuluakulu amati Magololo anagonja pa nkhondoyo, koma Simoni ankati zimenezo zinachitika chifukwa iye anali asanabadwe. Mtunda ankayeza ndi kabango, ndipo wofa ndi wopulumuka ankasankhidwa ndi dayisi ya ludo.

"Sikisi! Shamwali, anthu ako afa onsene, gonekani pansi," ankatero Lorenso.

"Dayisiyo yagunda muzu, siwerengedwa. Ponyanso."

"Nkhabe! Dzulo inagunda muzu womwewo iwe unawerenga."

Ankatha kukangana chotero mpaka nkhuku kulowa, abambo awiri a imvi atagwada pamchenga. Imelda ankawadutsa ndi ndowa pamutu osawayang'ana, monga mmene munthu amadutsira agalu ogona panjira. Komabe Lorenso akafika Simoni asanaweruke kumsika, ankamupatsa mpando ndi madzi akumwa, poti mlendo ndi mlendo ngakhale akhale wopanda nzeru.

Vuto la asilikali a Simoni linali limodzi: anali adongo laliwisi, longouma ndi dzuwa. Nkhuku ikajompha, mutu wa kaputeni wapita. Mvula ikadontha pachigafa chimene ankawasungamo, m'mawa ankapeza gulu lonse litagwada. Ndiye kunabwera chaka cha madzi aakulu, pamene Ruo anasiya njira yake n'kuyamba kuyenda m'makomo mwa anthu. Banja la Simoni linapulumukira pa bwato la Lorenso, ndipo madzi ataphwa anabwerera kudzaona zotsala. Nkhokwe inapita, nkhuku zinapita, ndipo gulu lonse la nkhondo linasungunuka osaombako mfuti ngakhale imodzi. Panangotsala mawaya ali mbwee m'matope. Simoni anakhala pansi n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, Imelda amene anataya chakudya cha chaka chonse atamuimirira pambali manja ali m'chiuno. Koma ali mkati molira anaona mtsuko wa mkazi wake utatitimira m'matope mpaka m'khosi, wosasweka, wosasungunuka. Apo m'pamene anazindikira kuti chimene anyamata ake ankasowa ndi moto.

Ataumba gulu latsopano, anasankha tsiku limene ndiwo inali mlamba wonona, mkazi wake ali wosangalala.

"Mayi a Glory, mukamaotcha mbiya zanu, simungandiikireko anyamata angawa chakumbali? Satenga malo."

Imelda anasiya kudya.

"Dzidole dzanudzo dzisayandikire moto wanga. Anthu akamva kuti mbiya za Imelda zimapsera pamodzi ndi tianthu, ndani amwere madzi mmenemo? Anena kuti ndimaotcha dzithumwa. Komanso mukudziwa kuti pootchera mbiya mwamuna sapondapo. Ndikuuzeni lero, bambo a Glory, tsiku limene ndidzapeze chidole m'moto mwanga, mudzapinde mphasa yanu. Bwato la pa Chiromo likukudziwani, ndipo kwa Lundu njira sinatsekeke."

Imelda sanali munthu wonena chinthu kawiri, ndipo Simoni ankadziwa. Kwa Lundu kunalibenso chake. Makolo anatha, munda anagawana adzukulu, ndipo munthu wa dazi kubwerera kwawo ndi mphasa kukhwapa ndi chinthu chimene anthu amasimba mpaka pamaliro ake. Anayesa kuotcha yekha pamafuwa mkazi wake ali kumjigo. Asilikaliwo anaphulika mitu, wina mutu wake unakagwera mu ndiwo. Munthu wanzeru akanafunsa kuti chalakwika n'chiyani ndi kaumbidwe kake. Simoni anangoti motowo unachepa.

Chilimwe chotsatira Glory anapeza mwamuna, ndipo ukwati unakonzedwa. Imelda anaumba mbiya zikuluzikulu za thobwa, mitsuko ndi miphika yoti mwana wake akayambire banja. Mng'ono wake Maness, amene amaotchera naye pamodzi, anaumbanso zake. Pakati pa zonsezo panali mbiya imodzi yoti mwana wamng'ono akhoza kubisalamo, imene Imelda anaisalaza masiku ambiri mpaka kunyezimira.

Tsono oumba mbiya a kuno ali ndi mwambo wawo. Moto ukayandikira, woumba amadika: sagona mphasa imodzi ndi mwamuna mpaka mbiya zitapsa. Amati thupi lotentha likagwira mbiya, mbiyayo imasweka pamoto, ndipo yoyamba kusweka ndiyo imaulula mwini wake. Imelda pa zimenezi sanyengerera. Anatenga mphasa ya mwamuna wake n'kukaiyala m'chigafa muja, pakati pa Magololo ndi Apwitikizi.

Mwamuna wina akanangokhala chete, poti ndi za m'nyumba. Simoni anazitengera kumsika. Aliyense wobwera ndi tayala lophwa ankalandira nkhaniyo mwaulere. "Ine masiku ano ndine msilikali weniweni, ndikugona kukampu. Nthiti zonsezi zatha ndi kuzizira. Mkazi ndimangomuona ngati mwezi, kutali." Akabaza ankaseka mpaka kugwetsa njinga, n'kuinyamula nkhaniyo kupita nayo ku Chiromo ndi kumidzi yonse ya m'njira. Pofika tsiku lootcha, panalibe munthu m'dera lonselo amene sankadziwa kumene Simoni ankagona.

Tsikulo amayiwo anasanja mbiya zawo kudambo, yaikulu ija pakati, n'kuzikuta ndi makungwa, mapesi ndi udzu. Masana kunali mphepo, ndiye anaganiza zodikira kuti ileke, nabwerera kumudzi kukaphika. Simoni anawaona akudutsa. Mtima unamuuza kuti usachite, koma mtima womwewo unamukumbutsa mtsuko uja m'matope. Za mwambo anadziweruza yekha kuti ngati m'mudzi monse muli munthu wozizira, ndiye kuti ndi iyeyo. Anakulunga gulu lonse la Magololo mu jekete ija, ena anali owaumba dzana lomweli m'kati musanaume, nazemba kudzera m'mapira. Anakwawa ngati mmene nkhalamba za Keyala zinamuphunzitsira, anapatula udzu, n'kulowetsa anyamata ake mmodzimmodzi m'mimba mwa mbiya yaikulu. Maganizo ake anali oti adzawatole m'mamawa phulusa litazizira, munthu asanadzuke. Pobwerera anafafaniza mapazi ake ndi nthambi, ndipo anadzimva kuti boma linataya munthu.

Dzuwa litapendeka mphepo inaleka, utsi unakwera kudambo. Simoni anali pansi pa masau ndi Lorenso, amene sankadziwa kanthu ndipo ankangodabwa kuti Magololo apita kuti.

"Ali pa maphunziro," anatero Simoni.

Asanatseke pakamwa kunamveka phuu! Kenako thuu! thuu! motsatizana, ngati munthu akuwazira chimanga m'chiwaya chamoto. Agalu anathawira kumtsinje. Dongo losauma, mawaya ndi timiyala takumtsinje tija zinakumana ndi moto weniweni, ndipo Magololo anamenya nkhondo yawo yoyamba ndi yomaliza. Tinene zoona, chimene chinayamba kufika mumtima mwa Simoni chinali chimwemwe, poti phokoso limeneli ankangolimva m'nkhani za nkhalamba. Chimwemwecho chinatha atamva amayi akulira.

Mbiya yaikulu inang'ambika pakati, mapale ake n'kuswa zinzake zonse zoyandikana nayo, za Maness zomwe. Amayi onse amene anali pamenepo anaona ndi maso awo imene inayamba.

"Yayamba ndi ya achemwali," anatero Maness, osati mokweza, koma mokwanira kuti onse amve.

Amayiwo anangoyang'anana, kenako onse n'kuyang'ana Imelda, ndipo anabalalika moto usanazime.

Tambala atalira kachiwiri kunja kukuyera, Simoni anali kale kudambo akufukula phulusa ndi kamtengo. Anatola waya aliyense, kamutu kalikonse, kamwendo kalikonse, n'kukaponya mu Shire kuti Imelda asapeze chidole m'moto mwake. Koma pansi penipeni pa mapale anapeza chinthu chimene sanachiyembekezere. Asilikali angapo akale, amene anali atauma bwino, anapulumuka. Anatuluka ofiira ngati njerwa, olimba, olira ngwee ukawagogoda ndi chikhadabo. Anamiza mmodzi m'madzi, anamutikita ndi chala, koma sanasungunuke. Chimene anachilakalaka zaka zonse chinali m'manja mwake. Anawaika m'thumba la jekete n'kubwerera kumudzi akuimba mluzu chamumtima. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kumudzi anthu anali atayamba kale kuwonkhetsa. Mbiya ya Imelda yasweka, ndiye kuti Imelda anali wotentha. Mwamuna wake, monga mmene iye mwini analengezera kumsika, ankagona kuchigafa. Nanga kutenthako kunachokera kwa yani? Ndani amene amafika pakhomopo tsiku ndi tsiku, n'kupatsidwa mpando ndi madzi mwini nyumba kulibe? Dzina la Lorenso silinachedwe kutuluka. Pofika masana mkazi wa Lorenso anali ataima pamjigo akulalatira nkhuku yake mokweza, kuiuza kuti ndi nkhuku yopanda manyazi, yaitali pachabe, yojompha m'mbale za eni. Nkhukuyo inali kutali, koma Imelda anali pamzere womwewo ndi ndowa yake. Anatembenuka osatunga.

Zimenezi zinamupweteka Imelda koposa mbiya, ndipo zinayenera kumupweteka. Anali mayi woti chikwatiwire sanamvekepo ndi mbiri, woyenda khosi lili njo, wolangiza atsikana a m'mudzimo. Tsopano amayi amene ankabwera kudzapempha moto ankadutsa kuseri. Imelda anasiya kudya, anasiya kutuluka. Simoni ankaziona zonsezi, ndipo ankadziuza kuti mphekesera ndi utsi, mawa ikhala itapita. Mawa likafika ankadziuzanso zomwezo.

Madzulo ena Imelda anabwera yekha pakhomo pa chigafa. Sanalowe. Anaima atagwira nsanamira, maso atatupa, ndipo analankhula ndi mawu amene Simoni anali asanawamvepo kwa iye, mawu a munthu wopempha.

"Bambo a Glory, inu mumandidziwa. Kodi nanunso mukukhulupirira dzimene akunenadzi?"

"Ayi, ine sindikukhulupirira."

"Nanga mbiya yanga yasweka bwanji? Ndaganiza mutu kuwawa. Dongo ndi lomwe lija, makungwa ndi omwe aja. Ndalakwa pati?"

Dzanja la Simoni linali m'thumba la jekete, litafumbata msilikali. Anaona bwato la pa Chiromo m'maso mwake, anaona mphasa kukhwapa.

"Mwina ndi mphepo," anatero.

Imelda anamuyang'ana pang'ono, anagwedeza mutu, n'kubwerera m'nyumba akuyenda ngati nkhalamba.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nkhani inawoloka mtsinje n'kukafika kwawo kwa mnyamata wofuna kukwatira Glory, ndipo ankhoswe a kumeneko anatumiza mawu akuti ukwati uyambe waima. Wina anamveka akuti make mbuu, mwana mbuu. Apo a Pius, mlongo wake wamkulu wa Imelda, amene ndi mwini mbumba, anaona kuti nkhaniyi yakula. Anaitanitsa onse pakhonde pawo: Imelda, Simoni, Maness, Lorenso ndi mkazi wake. Osaitanidwa anabwera ochuluka kuposa oitanidwa, n'kukhala chapatali ngati akupuma pamthunzi.

Lorenso anakana mpaka thovu kukamwa. "Ine pakhomopo ndimapitira nkhondo basi, pinango nkhabe!" Anthu anaseka, poti kukana kotero sikunamuthandize. Mkazi wake anafunsa kuti ndi nkhondo yanji yofuna mpando ndi madzi ozizira. A Pius anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Imelda, mbiya siinama. Amayi athu anaumba mpaka kukalamba, yotere sinachitikepo. Tiuze kuti tidziwe pokonza, mwana asataye banja."

Imelda anatsika pamkeka n'kugwada pafumbi. Simoni anali asanamuonepo atagwadira munthu kunja kwa tchalitchi.

"Achimwene, ine chonena ndilibe. Sindinachite. Koma poti mbiya yanditsutsa pamaso pa anthu, dongo ndalisiya lero. Mwana wangayo musamulange chifukwa cha ine."

Sitinganene kuti Simoni anadzuka chifukwa cha kulimba mtima, poti kulimba mtima kukanakhalapo kukanaoneka kale. Kungoti anaona mayi wamtali uja atafupika kuposa iye, ndipo zinamukanika kupirira. Anapita pakati pa bwalo, anagwada, napisa m'thumba. Anatulutsa asilikali ake ofiira mmodzimmodzi, ndipo poti chizolowezi sichimva manyazi, anawaimika pamzere wowongoka, kaputeni patsogolo.

"Alamu, mbiya anaswa ndi awa. Ndinawaika ndine masana, amayi atapita kukaphika. Anzawo anaphulika, ndinakataya mu Shire."

Wina kumthunzi kuja anaphulika ndi chiseko, ndipo bwalo lonse linatsatira. Amayi anagwirana mapewa, amuna anamenya pansi ndi zipewa. Mkazi wa Lorenso anaseka mpaka kukhala pansi, a Pius anabisa nkhope m'manja mapewa akugwedezeka. Maness yekha anazyolika. Imelda sanaseke. Anatambasula dzanja, anatola kaputeni uja, anamutembenuza, n'kumugogoda ndi chikhadabo.

"Uyu wapsadi ndi moto wanga," anatero. Chiseko chinayamba kutha. "Bambo a Glory, tsiku lija ndinabwera pachigafa, amenewa anali kuti?"

"M'thumba."

"Dzanja lanu linali m'thumba."

"Inde."

"Ndiye munawagwira, uku mukundiuza kuti ndi mphepo."

Panalibenso woseka. A Pius anakonza kukhosi, nati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ngati mlongo wawo wafuna, munthuyu awoloke lero lomwe dzuwa lisanalowe. Simoni anayamba kutolera asilikali ake. Anali atavomera kale mumtima, ankangoganiza kuti pampu ainyamule kapena aisiye.

"Sapita," anatero Imelda.

Simoni anadzutsa mutu, nkhope itayamba kuwala. Anafulumira kusangalala.

"Musasekerere, sindinakukhululukireni. Amene amva zoona ndi okhawa ali panowa. Bodza lija lafika ku Chiromo, lawoloka mtsinje, lili m'midzi imene ine sindinapondemo. Mukanyamula mphasa lero, kumeneko anena kuti Sajeni wathawa chigololo cha mkazi wake, ndipo ndidzafa nalo dzina limenelo. Mukhala. Pakamwa panu pomwepo, pamene panandigulitsa kumsika, ndi pamene pakandiwombole."

A Pius anapukusa mutu n'kunena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlandu unathera pomwepo.

Ukwati wa Glory unachitika, ngakhale thobwa linali m'zigubu zapulasitiki ndipo linkamveka fungo la mafuta ophikira. Simoni anawoloka yekha kukafotokoza kwa ankhoswe a mnyamata, asilikali ali m'thumba ngati mboni, ndipo kumenekonso anamuseka mpaka kumupatsa nkhuku. Imelda anabwerera ku dongo lake. Ndi Maness amalankhulana, koma aliyense amaotcha payekha. Lorenso akamadutsa amapereka moni ali pamsewu, pakhomopo salowanso, ndipo Shire wa pansi pa masau anakwiririka ndi masamba. Mphasa ija ikadali kuchigafa.

Masiku ano tsiku la msika Imelda amayala mbiya zake pafupi ndi mtengo wa nimu, pambali pa masipanala a mwamuna wake. Pa mtsuko umodzi wovundikira pamaima asilikali ofiira aja. Mvula imawagwera, dzuwa limawaomba, sasintha. Ana amafuna kuwagula, alendo amawajambula pa foni, koma sagulitsidwa. Ntchito yawo ndi ina. Pakabwera mayi wochokera kumidzi yakutali, n'kuyamba kumuyang'ana Imelda cham'mbali kapena kunong'oneza mnzake, Imelda satembenuka n'komwe. Amangoti, "Sajeni, imirirani."

Ndipo Simoni amasiya tayala, amapukuta manja pa buluku, amaima mowongoka mmene msinkhu wake ungalolere, n'kuyamba nkhani yonse kuchokera pa mphepo ya masana aja. Amaikamo phokoso la mizinga, amakwawa pang'ono kuti anthu aone mmene anazembera, ndipo omvera amaseka mpaka misozi. Akafika kumapeto amatsitsa mawu, nthabwala zonse zitatha, n'kunena kuti, "Mkazi wangayu sanalakwe. Mbiya ndinaswa ndine."

Imelda amamvetsera mpaka mawu amenewo, kenako amabwerera ku malonda ake. Mayi wina womvera chisoni anamufunsa tsiku lina ngati sizinakwane, poti bamboyu wawanena mawuwo kambirimbiri, pamaso pa msika wonse.

"Ine ndinkawafuna kamodzi kokha," anatero Imelda, "tili awiri, ndili chiimire pakhomo pa chigafa."